Kompresa imodzi pa mafiriji anayi: zingatheke?

Kondwani: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mafiriji awiri a galasi oikamo zakumwa, cold room yaing'ono imodzi, ndi firiza ya katundu woundana. Chilichonse chili ndi kompresa yake. M'chipindamo mumatentha zedi, phokoso silileka usana ndi usiku, ndipo chaka chino chokha ndasinthitsa makompresa awiri. M'masitolo akuluakulu ndimaona mafiriji atandandalika opanda makina pansi pake, zonse zili kuseri kwa nyumba. Kodi inenso sindingagule kompresa imodzi yamphamvu, kuiika panja, n'kukokera mapaipi ku zinayi zonsezi?

Yohane: Zimatheka achimwene. Paipi imodzi imachoka panja itatenga gasi wamadzi n'kugawikana kupita ku firiji iliyonse, ina imasonkhanitsa gasi wobwerera kupita naye ku kompresa. Kutentha konse kumatayidwa kunja. Ngakhale makompresa anu awiriwo mwina anapsa chifukwa chopuma mpweya wotentha wa m'chipindamo.

Bambo Mbewe: A Yohane sananame, koma musanagule kanthu tiyankheni izi a Kondwani. Chilichonse chimafika madigiri angati? Pa kachitsulo kakuseri palembedwa gasi wanji? Mukasuzumira pansi, mukuona kapaipi kopyapyala kokulungakulunga ngati waya, kapena valavu yokhala ndi kababu komangirira pa paipi? Ndipo kuchoka pa mafiriji kufika pomwe mufuna kuika kompresa ndi mamita angati, pansi kapena padenga?

Kondwani: Bambo Mbewe, ndayang'ana. A galasi amakhala pa madigiri 4, gasi wake R134a, onse ali ndi kapaipi kopyapyala mukunenako. Cold room imakhala pa 2, gasi R404A, iyo ili ndi valavu ya kababu. Firiza imafika -20, R404A, kapaipi kopyapyalanso. Panja ndi mamita ngati 12, ndipo ndimaganiza zoika pa denga la konkire, mamita 4 kukwera.

Bambo Mbewe: Chabwino. Tiyambe ndi kapaipiko. Dzina lake ndi capillary, ndipo kameneka sikadziwa kutseka kapena kutsegula, kamangodutsitsa gasi malinga ndi pulesha yomwe ikukakankha. Ku fakitale anakayeza kutalika kwake molingana ndi kompresa imodzi ija, ndi gasi woyezedwa magalamu ake. Mukakalumikiza ku paipi yogawana ndi ena, pamene firijiyo yazizira kale iko kamapitirizabe kuthira gasi wamadzi, gasiyo sawira yense, amabwerera ku kompresa ali madzi. Kompresa inapangidwa kuti ipanikize mpweya, madzi sapanikizika. Choncho firiji iliyonse iyenera kuchotsedwa capillary n'kuikidwa expansion valve yakeyake, valavu ya kababu ija, kutsogolo kwake solenoid, valavu yotsegulidwa ndi kutsekedwa ndi magetsi, yolamulidwa ndi thermostat ya firijiyo. Panja pakhale receiver yosungira gasi amene sakufunika pamene ena atseka. Awa ndi maziko chabe, nkhani yeniyeni sitinaifike.

Tamandani: Pepani akulu, ine ndikuphunzira kumene ntchitoyi. Firiji ya kunyumba ili ndi kompresa imodzi koma ili ndi mbali yozizira ndi mbali youndana. Bwanji kumeneko zikutheka popanda mavalavu onsewo?

Bambo Mbewe: Funso labwino mwanawe. Zambiri za kunyumba zili ndi evaporator imodzi yokha, koyilo yomwe gasi amawiramo n'kuziziritsa, ku mbali youndana, fani n'kumakankhira mpweya wozizira pang'ono ku mbali inayo kudzera pa kachitseko. Zina zili ndi ma evaporator awiri koma otsatizana pa paipi imodzi, gasi amadutsa woyamba kenako wachiwiri. Njira ya gasi ndi imodzi, kompresa ikaima zonse zaima. Za a Kondwani ndi njira zinayi zoyenda pambalipambali, iliyonse ikufuna kuzizira pa nthawi yake.

Yohane: Koma zonsezo ndi zogula n'kuika basi. Ma expansion valve anayi, ma solenoid anayi, nkhani yatha.

Bambo Mbewe: Siinathe a Yohane, pali firiza apo. Mvetsetsani izi chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Kompresa imodzi ili ndi pakamwa pamodzi poyamwira, ndiye pulesha ya suction, paipi yoyamwirayo, ndi imodzi. Kuti chipinda chikhale pa 2 kapena 4, gasi ayenera kuwira pa -10 kapena chapomwepo. Kuti firiza ikhale pa -20, gasi awire pa -30. Pa R404A, -10 ndi pafupifupi 3.3 bar pa geji, pomwe -30 ndi 1 bar yokha. Kompresa iyenera kutsika kufika pa wozizira kwambiriyo, apo ayi firiza siundanitsa. Ndiye cold room ndi a galasi aja, omwe ndiwo ntchito yaikulu, gasi wawo akuyamwidwa pa 1 bar chifukwa cha firiza imodzi.

Tsono taonani zotsatira zake. Kondensa, koyilo yotayira kutentha, ikakhala pa madigiri 40, R404A ali pa 18 bar mukawerengera pulesha ya mlengalenga. Kuchoka pa -10, pomwe ndi 4.3 bar mukawerengera chimodzimodzi, kompresa ikupanikiza gasi kanayi ndi pang'ono. Kuchoka pa -30, pomwe ndi 2 bar, ikupanikiza pafupifupi ka 9. Gasi wa pulesha yotsika ndi wopepuka, pisitoni ikakoka kamodzi imatenga wochepa. Kompresa imene imakupatsani ma kilowati 4 pa -10, pa -30 siifika ngakhale theka. Mugula yaikulu kuposa kawiri, izidya magetsi ambiri, izitenthanso kwambiri kumutu.

Kondwani: Eee, apa ndayamba kuona. Koma ngati suction ili pa -30, cold room siiundanitsa katundu?

Bambo Mbewe: Iundanitsa, ndipo evaporator yake izidzaza ayezi msanga, katundu n'kumauma chifukwa chinyezi chonse chikumata pa koyilo. Mankhwala ake ndi valavu yotchedwa EPR, imaikidwa potulukira evaporator yofunda, ntchito yake kugwira pulesha kuti isatsike kupyola pomwe mwaitchera. Ya Danfoss amaitcha KVP. Muika pa cold room ndi pa a galasi. Pa firiza muika check valve, ya Danfoss ndi NRV, kuti gasi wofunda wa enawo asabwerere kulowa m'koyilo yozizira. EPR imateteza katundu, koma magetsi aja siibweza. Gasi amadutsa pa valavuyo, pulesha n'kugwa kufika pa 1 bar, kompresa n'kuyambira pansi pomwepo.

Mayi Nachisale: Bambo Mbewe, pa check valve pomwepo ndiimeni ndifotokoze, chifukwa zinandionekera ine. Ndinali ndi zipinda ziwiri, chozizira ndi choundanitsa, mmisiri wina anandilumikizira pa kompresa imodzi. EPR anaika, check valve sanaike, ine sindinkadziwa n'komwe kuti kuli chinthu chotero. Miyezi itatu zinayenda bwinobwino. Usiku wina magetsi anazima maola angapo. Atayaka, mlonda anamva kompresa ikugogoda ngati munthu akumenya chitsulo ndi hamala, kenako zii. Mmisiri wina amene anadzatsegula anapeza mavalavu a m'mutu athyoka. Anandifotokozera kuti nthawi yonse makina ataima, gasi wa chipinda chofunda ankasamukira m'koyilo ya choundanitsa n'kusanduka madzi, ndiye poyaka kompresa inameza madziwo kamodzi. Chimene chinandiwawa kwambiri si kompresayo ayi. Zipinda zonse ziwiri zinaima tsiku limodzi, ndinalibe koti n'kusamutsira katundu, ndipo kompresa ina inatenga masiku anayi kuti ipezeke. A Kondwani, panopa firiji imodzi ikafa mumathamangitsira katundu mu inzake. Mukalumikiza zonse mwayi umenewo mulibenso.

Kondwani: Pepani kwambiri mayi. Izi ndiye sindinaziganizire ngakhale pang'ono.

Yohane: Pepani mayi. Koma vuto pamenepo linali la mmisiri, osati la njirayo. Nanga masitolo akuluakulu bwanji sakulira?

Chimwemwe: Chifukwa iwo sakhala ndi kompresa imodzi achimwene. Ine ndine wa zamagetsi, ndalowamo kangapo m'zipinda zawo za makina. Pamakhala makompresa atatu, anayi, nthawi zina kupitirira, atakhala pa felemu imodzi, onse akuyamwa pa paipi imodzi yaikulu. Amaitcha rack. Kakompyuta kamayang'ana pulesha ya suction, ikakwera kamayatsa ina, ikatsika kamazimitsa ina. Imodzi ikapsa zotsalazo zimanyamula. Ndipo mafiriza amakhala ndi gulu lawolawo la makompresa, ozizira wamba gulu lawonso. Munthu akaona kusitolo amaganiza kuti kuseri kuli chimakina chimodzi, pamene ayi.

Bambo Mbewe: Ndi zimenezo a Chimwemwe. Ndipo mwatifikitsa pa vuto lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa la firiza. A Kondwani, tiuzeni mphamvu ya chilichonse ngati palembedwa.

Kondwani: Cold room mmisiri anati ndi ma kilowati 2.5 a kuziziritsa. A galasi ngati 0.5 iliyonse. Firiza 0.6.

Bambo Mbewe: Zonse pamodzi ndi 4.1. Kompresa muisankha yoti ikwanitse masana otentha, zitseko zikutsegulidwa, katundu wofunda atangolowa. Tsono bwerani usiku. Cold room yafika pa 2, solenoid yake yatseka. Firiza yatseka. Wa galasi mmodzi watseka. Watsala mmodzi wa 0.5 akupempha kuzizira, kompresa ya ma kilowati 4 n'kuyaka. M'masekondi ochepa yayamwa gasi yense, pulesha yagwa, low pressure switch yaizimitsa. Pakapita kanthawi pulesha yakwera, yayakanso. Usiku wonse yaka zima, yaka zima. Opanga makompresa ambiri amalemba kuti isayake kupyola ka 10 kapena ka 12 pa ola, ndipo ikayaka iyende mphindi zingapo. Chifukwa chake n'choti poyaka paliponse oyilo wina amatuluka limodzi ndi gasi, ndipo amafuna nthawi kuti azungulire n'kubwerera. Ikamazima msanga oyilo amatsalira m'mapaipi, kompresa n'kuuma m'kati. Ndatsegulapo zingapo zotere, waya wa mota ali bwinobwino koma ma bearing atadyeka.

Chimwemwe: Ndiwonjezere za magetsi. Mota ikamayaka imakoka mphamvu kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa pamene ikuyenda. Makompresa ang'onoang'ono anayi sayakira limodzi kawirikawiri, ndiye nyumba siimva. Yaikulu imodzi ikayaka magetsi amaphethira, ndipo ngati muli ndi jenereta mwina siinyamula. Pa kukula kumeneko mungafunikenso three phase, ndi relay yozimitsa pamene phase imodzi yasowa. Chinanso, ndaonapo anthu akutenga kompresa yochokera pa makina a capillary n'kuiika pa expansion valve. Za capillary zambiri zili ndi mota yofooka poyambira, chifukwa zikaima pulesha imafanana mbali zonse. Pa expansion valve ndi solenoid pulesha siifanana, pamafunika mota yoyamba mwamphamvu, yokhala ndi start capacitor. Ikakhala yofooka imangolira n'kudula pa overload.

Tamandani: Ndiye yaka zima ameneyu amathetsedwa bwanji bambo?

Bambo Mbewe: Njira zilipo zingapo. Kompresa ya inverter imatsitsa liwiro ntchito yoziziritsa ikachepa, koma ili ndi malire, siingatsike kufika pa zero. Copeland ali ndi scroll yotchedwa Digital imene imasintha mphamvu kuchoka pa 10 kufika pa 100 peresenti, mota ikuyendabe. Zikuluzikulu za mapisitoni zili ndi unloader yopumitsa masilinda ena. Palinso hot gas bypass, yobwezera gasi wotentha ku suction kuti kompresa izipeza chochita, koma imeneyo ndi kuwotcha magetsi dala, ine sindiikonda. Njira yosafuna zambiri ndi kumanga a galasi awiri aja pa thermostat imodzi kuti azipempha limodzi, kukulitsa mpata pakati pa poyakira ndi pozimira pa pressure switch, ndi kuika timer yoti ikazima isayake msanga.

Yohane: Apa ndiye walira mvula walira matope. Koma ine ndikuonabe phindu. Kutentha kuchoka m'chipinda si nkhani yaing'ono. Kondensa imodzi yotsuka m'malo mwa zinayi zodzaza fumbi pansi pa mafiriji. Komanso kompresa yaikulu yabwino imakhalitsa kuposa ting'onoting'ono tija.

Mayi Nachisale: Phindu lilipodi a Yohane, sindikutsutsa. Ine panopa zipinda ziwiri zozizira zili pa kompresa imodzi, chaka chachinayi tsopano, popanda vuto. Koma zonse zili pa madigiri ofanana. Choundanitsa ndinachipatula, chili ndi yake. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Bambo Mbewe: Mayi anena zomwe ndimafuna kufikako. A Kondwani, firiza isiyeni panokha. Ndi 0.6 yokha, musalole kuti ikokere pansi ma kilowati 3.5 a enawo. Cold room ndi a galasi ali pafupi, 2 ndi 4, onse angawire pa -8 kapena -10, mwina EPR osafunika n'komwe. Koma ndikuchenjezeni za a galasiwo. Anapangidwa kuti aziyenda okha, pa R134a. Kuwadula kumafuna kutsuka koyilo, kuona ngati ingapirire pulesha ya gasi watsopano, ndi kupeza expansion valve yaing'ono yokwanira 0.5. Madzi osungunuka panopa amauma ndi kutentha kwa paipi ya kompresa pansi pake, mukaichotsa mufunika paipi yotayira madzi. Ngati akadali pa waranti, yatha pomwepo. Alipo mafiriji opangidwira kulumikiza ku makina akutali, amabwera opanda kompresa. Ngati anuwo akalamba, ndi bwino kugula amenewo kusiyana n'kuchita opaleshoni akalewo.

Kondwani: Mmodzi ndi wakale, winayo ndinagula chaka chatha. Nanga gasi, ndikhale pa R404A poti cold room ili kale pamenepo?

Tamandani: Kusukulu anatiuza kuti R404A akuchotsedwa pang'onopang'ono. Kilogalamu imodzi ikathawira m'mlengalenga imatenthetsa dziko ngati makilogalamu 3922 a carbon dioxide, pamene R134a ndi 1430. Mgwirizano wa ku Kigali wa 2016, umene unawonjezera pa wa ku Montreal wa 1987, ndi umene ukuchepetsa magasi amenewa.

Bambo Mbewe: Waphunzira bwino mwanawe. Pa makina atsopano funsani R448A kapena R449A, amagwira ntchito yofanana ndi R404A ndipo chiwerengero chawo chili cha m'ma 1400. Onetsetsani kuti kompresa ndi ma expansion valve ndi ovomerezeka pa gasi ameneyo. Ndipo apa pali china choti muganizire. Firiji yoyenda yokha ili ndi magalamu mazana ochepa a gasi. Makina olumikiza a mamita 12 ndi receiver atenga makilogalamu angapo, ndipo polumikizira pachuluka. Pakadontha pamodzi, onse afooka limodzi.

Yohane: Nanga R290? Akuti ndi wabwino kwambiri ku chilengedwe.

Bambo Mbewe: Ndi wabwinodi, koma ndi propane, amayaka moto. Malo ake ndi m'mafiriji otsekedwa ku fakitale okhala ndi gasi wochepa. Kwa zaka zambiri malire anali magalamu 150, mu 2019 muyezo wa IEC, bungwe la padziko lonse la miyezo ya zamagetsi, unakweza kufika 500 pa mafiriji amalonda oyenda okha. Kukoka mapaipi a makilogalamu a propane m'chipinda molowa anthu, ayi, musayese.

Chimwemwe: Bambo Mbewe, za padenga zija simunayankhe. Mamita 4 kukwera.

Bambo Mbewe: Zikomo pondikumbutsa, n'zofunika kwambiri. Oyilo sakwera yekha, amanyamulidwa ndi liwiro la gasi. Pa paipi yoimirira gasi ayenera kuthamanga mamita 5 pa sekondi kapena kupitirira. Vuto ndi lomwe lija la usiku: paipi mwaisankha yokwanira ma kilowati 3.5, koma pakuyenda 0.5 yokha, gasi akuyenda mwaulesi, oyilo akutsetsereka kubwerera pansi. Anthu amaganiza kuti paipi yaikulu ndiyo yabwino, pa chokwera si choncho. Pansi pa chokwera pakhale P-trap, paipi yopindika yosonkhanitsa oyilo. Pamene ntchito yoziziritsa imasintha kwambiri timaika zokwera ziwiri, yaing'ono ndi yaikulu. Ntchitoyo ikachepa trap imadzaza oyilo n'kutseka yaikuluyo, gasi yense n'kudutsa mu yaing'ono mothamanga. Mapaipi ogona apendekere pang'ono kulowera komwe gasi akupita, ndipo nthambi ya firiji iliyonse ilowe mu paipi yaikulu kuchokera pamwamba, kuti oyilo asatsikire mu koyilo yomwe yatseka. Oil separator, yolekanitsa oyilo ndi gasi potuluka mu kompresa, ithandiza. Koma ngati pali malo pansi, pamthunzi podutsa mphepo, ikani pansi. Denga la konkire masana limatentha, kondensa ivutika, ndipo mmisiri azichita ulesi kukwerako kukatsuka.

Mayi Nachisale: Muuzenso mmisiri wanu aike suction accumulator, kathanki kogwira gasi wamadzi asanalowe mu kompresa, ndi crankcase heater, hita yofunditsa oyilo wa kompresa ikaima. Ine ndinaphunzira mochedwa. Komanso alamu yolira kapena yotumiza uthenga pa foni kutentha kukakwera.

Tamandani: Nanga defrost? Onse azisungunula nthawi imodzi?

Bambo Mbewe: Ayi, muwasiyanitse nthawi. Pa madigiri 2 kapena 4 sipafunika hita, mumangotseka solenoid fani n'kumazungulira, ayezi amasungunuka yekha. Onse akasungunula limodzi amadzabwerera limodzi ali ofunda, pulesha ya suction imakwera kwambiri, mota n'kulemedwa. Zikavuta pali valavu ina yoikidwa pafupi ndi kompresa yochepetsa pulesha yolowa, ya Danfoss ndi KVL, koma pa makina anuwa kusiyanitsa nthawi kukwanira.

Kondwani: Akuluakulu, mwanditsegula maso. Maganizo anga tsopano ndi awa. Firiza ikhale yokha monga ilili, ndingoisunthira pafupi ndi zenera. Wa galasi watsopano akhalenso yekha, ndiye kothawira zinthu zikavuta. Wakaleyo ndimuchotse, ndigule wopanda kompresa wokulirapo, ndimulumikize ndi cold room pa makina amodzi panja, pansi osati padenga. Kodi pamenepa ndalakwitsa?

Yohane: Ine ndikanalumikiza a galasi onse awiri, kutentha kuchokeretu. Koma za firiza ndagonja.

Bambo Mbewe: Simunalakwitse a Kondwani. Watsopano wopanda kompresayo akakhala wa kilowati imodzi kapena kupitirira, yaka zima uja achepa kwambiri, ndipo mukapeza makina a inverter ndiye bwino koposa. Tsiku loika mudzakhalepo nokha. Powotcherera mapaipi azidutsitsa nitrogen m'kati, apo ayi mwaye wakuda udzatseka ma expansion valve. Ayese kudontha ndi nitrogen, kenako vacuum ifike ma micron 500 pa geji yake, osati kungomvera kulira kwa pampu. Oyilo wa magasi amenewa ndi POE, amamwa chinyezi msanga, botolo ndi kompresa zisakhale zotsegula. Filter drier yosefa zinyalala ndi chinyezi, ndi sight glass, kagalasi koonera gasi pa paipi, zikhalepo, ndi valavu yotsekera pa nthambi iliyonse kuti imodzi ikamakonzedwa inayo iziyendabe.

Kondwani: Ndalemba zonse bambo. Nanga ndidzadziwa bwanji kuti waitchera bwino asanachoke?

Bambo Mbewe: Ayeze superheat, kutentha kwa gasi kupyola pomwe amawira, potulukira evaporator iliyonse payokha, ikhale pakati pa madigiri 5 ndi 8, ndipo pofika pa kompresa isatsike pansi pa 10. Paipi yotentha yotuluka mu kompresa, masentimita 15 kuchoka pa kompresapo, isapyole madigiri 107. Kenako mutseke cold room pa thermostat, musiye wa galasi yekha akuyenda ola lathunthu, muwerenge kuti kompresa yayaka kangati ndipo muyang'ane oyilo pa kagalasi kake ngati ilinako. Manambala amenewo mudzatitumizire pompano tiwaone limodzi mmisiriyo asanalandire malipiro omaliza.

Tamandani: A Kondwani, tsiku limenelo mudzajambulenso geji ya vacuum ndi mmene alumikizira nthambi ku paipi ya suction, ndikufuna ndione.